Josofina wa Pakhoma la Madam

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma poti kwathu ku Mitundu ngakhale ogulitsa tomato akuidziwa, ndipo aliyense akuithira mchere wake, bola muimve kwa mwiniwakene. Ndi ya manyazi. Mukafuna kuseka tembenukirani kumbali, ine ndi munthu wamkulu, imvi zayamba.

Dzina langa ndine Layisoni. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma kwathu amanditcha Pulofesa. Ndinagulitsapo tambala mmodzi kwa anthu awiri tsiku limodzi, onse awiri n'kundithokoza. Ndiye musayambe n'kuganiza kuti ndine chitsiru. Zomwe ndinachitazi chitsiru wamba sichingathe, zimafuna mutu.

Ku Doha kuno ndili m'chaka chachinayi, pa villa ina ku Al Messila. Pa contract analemba kuti driver, koma ndimathiriranso maluwa, kusintha mababu, kutsuka magalimoto, chilichonse chomwe Madam wachiloza ndi chala.

Ikafika nthawi yotentha, mabwana amathawa. Poyerekeza ndi kutentha kwa kuno, ku Nsanje n'kumthunzi. Bwana, Madam, ana, ngakhale wantchito wa m'nyumba, onse pandege, miyezi iwiri. Ine kungondisiyira makiyi ndi malamulo: tsiku lililonse uziyatsa ma-AC m'zipinda zonse kuti mipando isang'aluke, uzitsegula mipopi, usalowetse munthu. Yalla, bye.

Miyezi iwiri wopanda womuuza kuti mwadzuka bwanji! Msewu wathu ndi mipanda yokhayokha, italiitali, magalimoto odutsa magalasi otseka. Ngakhale galu woti akuuwe kulibe. Tsiku lina firiji inang'ung'udza kukhitchini, ine n'kuyankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu."

Mungafunse kuti nanga mkazi ulibe? Ndili naye, mayi a Tadala. Chaka choyamba ankaimba m'mawa ndi madzulo, mpaka kundionetsa nkhuku iliyonse yomwe yaswa. Chaka chachiwiri, Lamlungu lokha. Pofika chachinayichi, ine nditumize voice note ya mphindi zisanu ndi ziwiri, ndifotokoze zonse mpaka chomwe ndadya, yankho lake kachala kamodzi koloza kumwamba kaja. Basi.

Ndikafunsa, "Network, abambo a Tadala." Mawa lake, "Ndinali kuchigayo." Mkuja, "Kunali maliro." Maliro amenewo akanakhala oona onse, bwenzi m'mudzimo mutatsala iwo okha ndi mbuzi.

Tsopano mumve za chipinda cha alendo cham'mwamba.

Chaka chathachi Madam anachimata wallpaper. Ndinakatenga ndine marolo ake kushopu ina ku Al Mirqab, ndipo m'galimoto Madam anandiuza mbiri yake yonse. Akuti poyamba sichinali chipepala ayi, inali nsalu. Ku France, zaka zoposa mazana awiri zapitazo, ankadinda zithunzi zimenezi pansalu ya thonje, ndiye masiku ano angozikopera papepala. Dzina lake anatchula, koma lilime langa linakana.

"Ndiye kuti ndi chitenje cha azungu, Madam?" ndinafunsa m'Chingerezi changa chopunduka.

Anaseka. "Exactly, Lyson!"

Azungu! Chitenje chabwinobwino m'malo movala, akumata pakhoma.

Koma kukongola n'kokongola. Pansi pake poyera ngati mkaka, zithunzi zonse zofiira. Ndi mudzi weniweni: mtengo wanthambi zogwa, kamlatho, nkhosa zitatu, mbuzi itakwera pamwala. Kenako mayi wadengu pamkono, dzanja linalo atalitambasula, ndipo pambali pake bambo wachipewa, mfuti paphewa, galu kumapazi, atagwira dzanja lija. Ukasuntha mapazi awiri, mudzi womwewo wayambiranso. Mtengo, mlatho, mbuzi, mayi, bambo. Khoma lonse, mbali zonse zinayi.

Tsiku lina masana ndayatsa AC, ntchito palibe, ndinayamba kuwawerenga amayiwo. Makumi atatu ndi asanu ndi atatu, aliyense mwamuna wake ali pambali. Kenako pakona, pomwe panatsamira chikabati chachikulu cha zovala, ndinapeza mmodzi ali yekha. Dengu lomwelo, nkhope yomweyo, koma dzanja lake lotambasula likuthera m'mphepete mwa kabati. Womugwira palibe.

Ndinakumbuka kuti omata aja ankakangana kuti marolo aperewera. Ndinati basi, pepala linawathera apa, mwamuna wa mayiyu anatsalira kufakitale.

Ndinamuyang'ana, iye akuyang'ana kumbali.

"Nawenso anakusiya?" ndinatero.

Sanatsutse.

Ndinamutcha Josofina. Kuyambira tsiku limenelo chakudya changa chamasana ndinkadyera m'menemo, khubuzi, buledi wa Aluya uja, ndi tiyi, nditakhala pansi pa kapeti. Ndinkamuuza zonse: msana, mitengo ya feteleza, zomwe ndinalota. Munthu womvetsera ngati ameneyu sindinamuonepo. Sadula mawu, sayang'ana pafoni, sapita kuchigayo.

Mpaka pamenepa inali misala yanga ndekha, yosavutitsa munthu. Koma Pulofesa ndi Pulofesa. Tsiku lina kachala kaja katabweranso, mutu unagwira ntchito. Ndinadina foni n'kunena mofatsa:

"Mayi a Tadala, musamadzivute n'kuyankha, ndikudziwa ndinu otanganidwa. Kuno ndapeza wocheza naye. Josofina. Samatopa nane."

Sipanathe mphindi zinayi. Video call! Network ya ku Mitundu inachira tsiku lomwelo, aleluya!

"Mwati ndani?"

"Josofina."

"Wa kuti ameneyo?"

"Wa ku France."

"France! Amagwira ntchito yanji?"

"Sagwira ntchito. Amangokhala m'chipinda cham'mwamba."

"Chipinda cha ndani?"

"Cha alendo. Koma makiyi ndimasunga ndine."

"Mabwana anu akudziwa?"

"Anabwera naye ndi Madam. Ndinakamutenga ndine pagalimoto."

Mwaona? Bodza silinatuluke pakamwa panga ngakhale limodzi.

Sabata imeneyo inali Khirisimasi yanga. Foni katatu patsiku! Ankandinena kuyambira kumutu mpaka kuzidendene, kuti ndine wopanda manyazi, kuti mphuno yanga ndi ya ku banja la anthu osakhazikika, kuti amayi awo anawachenjeza. Ine nditangokhala pakhonde la kukhitchini, kumwetulira. Abale, simungamvetse kukoma kwa kukalipiridwa m'Chichewa masana dzuwa likuswa mtengo ku Doha. Mawu aliwonse ndinkawameza ngati thobwa lozizira.

Moto ukafuna kuzirala ndinkasonkhezera.

"Lero wavala chani hule wanuyo?"

"Zofiira."

"Dzulo munatinso zofiira!"

"Zimamukhala."

"Amakuphikirani?"

"Ayi, iye sadya n'komwe. Amangondiyang'anira ndikamadya."

"Mayo ine!"

Ndinaiwala chinthu chimodzi: Esinati. Ameneyu ndi mayi wa kwathu komweko, ankaimba kwaya imodzi ndi mayi a Tadala, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba pa villa yachitatu kuchokera pathu. Lachisanu amamupatsa maola angapo opita kutchalitchi. Tikakumana pageti timapatsana moni, "Achimwene, muli bwa?" n'kudutsana. Sindinkadziwa kuti walembedwa ntchito ina ya ukazitape.

Lachisanu lotsatira, nthawi ya chakudya chamasana, ndisanakwere kwa Josofina, foni inalira. Ndinayankha ndikumwetulira, kudikira chakudya changa cha m'makutu. Koma pa screen sipanali nkhope imodzi. Pakhonde la nyumba yathu panakhala malume anga a Chikuse, nkhoswe yanga, atavala jekete. Pambali pawo alamu anga a Fanuwelo, nkhoswe ya kuchikazi, manja atapinda pachifuwa. Mayi a Tadala pamphasa, kuyang'ana kumbali ngati Josofina.

Kumbuyo kwawo ndinaona njinga yanga itatsamira chipilala. Pa kaliyala atamangapo wailesi yanga, jekete la ukwati ndi nsapato zanga za kutchalitchi.

Ine ndi mkamwini, nyumba ija ndinamanga kwawo kwa mkazi. Mwamuna wa kwathu aliyense amadziwa tanthauzo la katundu wake akamuona panja atamangidwa ndi linya. 

"Layisoni," anayamba malume, "takhala pano chifukwa cha mzungu."

Ndinaseka, kuseka kouma. "Aaa, malume, zocheza zimenezo! Palibe mzungu aliyense. Ndimangofuna kuwautsa mayiwa, anali atandiiwala."

"Zocheza?" anatero alamu. "Chabwino. Tamverani zocheza zanu."

Anatulutsa foni ina n'kuiyandikiza. Ndinamva kaye kulira kwa AC. Kenako mawu. Anga.

"Josofina, iwe wekha ndiwe umandimvetsa m'dziko lino. Dzanja lakolo ukanangolitambasulira kwa ine, ndikanaligwira osalisiya. Taona, ndakusiyirako khubuzi, ngakhale ndikudziwa sudya..."

Kenako munthuyo anayamba kuimba nyimbo ya kwaya, mawu akunjenjemera ngati mbuzi yomangidwa pamvula. Kenako anamina. Kumina kwautali, kwa munthu amene akulira.

Esinati! Lachisanu lapitalo ndinasiya kageti kakang'ono kosakhoma nditathirira maluwa. Analowera kukhitchini, nsapato m'manja, n'kukwera masitepe. Chitseko ndinali nditatseka kuti kuzizira kusathawe, ndiye sanaone kanthu, anangojambula mawu pakhomo n'kubwerera. Akanadikira pang'ono akanamva ndikumuuza Josofina momwe mayi a Tadala amatsekera pakamwa ndi nsonga ya chitenje akamaseka. Koma akazitape sadikira mbali yabwino.

Chomwe chinandipweteka n'chakuti pa zonse zomwe ndinakonza, ichi chokha sichinali chinyengo.

"Ameneyu si inu?" anafunsa alamu.

"Ndine."

"Mumalira?"

"Ndi AC, alamu. Imandipatsa chimfine."

Mayi a Tadala anayankhula osandiyang'ana. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri, ine simunandiimbirepo ngakhale vesi imodzi."

Apa ndinaona kuti njinga ija inyamukadi. Manyazi ndi banja, ndinasankha banja.

"Dikirani," ndinatero. "Ndikuonetsani Josofinayo."

Ndinakwera masitepe foni ili m'manja. Ndinatsegula chipinda, n'kutembenuza kamera, n'kuiloza pakona.

"Ndi uyu."



"Tikuona khoma," anatero malume. "Mkaziyo ali kuti?"

"Ndi ameneyu, malume. Wadenguyu."

"Wojambulayu?"

"Eya. Ndi pepala. Poyamba inali nsalu, ku France, ndiye..."

"Layisoni," anandidula malume, mawu atatsika, "ndinakunyamula uli khanda. Unandigulitsa tambala yemwe unali utagulitsa kale kwa aphunzitsi, ndinakukhululukira. Koma usandiyese mwana."

Vuto la kukhala Pulofesa ndi limeneli. Tsiku lomwe wanena zoona, palibe amene amakugula.

"Wamubisa!" anakuwa alamu. "Taonani chikabaticho! Tsegulani!"

Ndinatsegula. Mabulangete ndi mahang'ala.

"Pansi pa bedi!"

Ndinagwada, bambo wa ana atatu, kulowetsa foni pansi pa bedi la alendo a Madam. Fumbi lokha.

"Kubafa!"

Kubafa kunalibe munthu.

"Kuseri kwa makatani!"

Kunalibenso. Ndinayamba kupuma bwino. Koma alamu anga anagwirapo ntchito ya ulonda pa estate ya fodya, sakhulupirira ngakhale mthunzi wawo.

"Kabatiyo siinagunde khoma bwinobwino. Azungu ena ndi owonda. Isuntheni!"

"Alamu, pamenepa sipangalowe ngakhale buluzi!"

"Isuntheni, apo ayi njingayi ikunyamuka pompano!"

Ndinaimika foni pa pilo kuti aziona bwino. Chikabati chimenecho anachikweza amuna anayi. Ndinaika phewa. Sichinasunthe. Ndinaika msana, mapazi kukhoma, kukankha mpaka ndinaona nyenyezi masana. Ku Mitundu akundilimbikitsa ngati ng'ombe yapangolo.

"Kankhani!"

"Ndikukankha!"

"Chikondi munali nacho, mphamvu mulibe?"

Chinalira kuti gwiii, n'kusuntha mwina mkono umodzi. Ndinatenga foni, thukuta lili chuchuchu, n'kuiloza kuseriko.

"Mwaona? Kulibe mun..."



Kunali munthu.

Chipewa kumutu. Mfuti paphewa. Galu kumapazi. Wofiira kuposa anzake onse m'chipindamo, poti dzuwa silinamuonepo. Ndipo dzanja lake litagwira bwinobwino nsonga za zala za Josofina.

Pepala silinathe ayi. Mwamunayo analipo nthawi yonseyi, kuseri kwa kabati, masiku makumi anayi, kumva chilichonse. Nyimbo yomwe. Kumina komwe.

Anayamba kuseka ndi malume. Kunamveka ngati injini ya chigayo ikukana kulira, kenako anaphulika. Foni yawo inagwa, ndinaona denga la khonde lathu ndi phazi la munthu. Ataitola, alamu anali atagwira chipilala, misozi ili mbwembwembwe.

"Mkazi wamwini!" anakuwa alamu. "Mwamuna wake ali pomwepo! Ndi mfuti!"

"Ndi galu!" anawonjezera malume, akupukuta m'maso ndi jekete. "Mphwanga, wapulumuka! Anthu amafa nazo zimenezi!"

"Pulofesa! Amayi onse ali pakhomawo, aliyense ndi mwamuna wake, inu osadzifunsa kuti wa uyu ali kuti?"

"Ndimayesa anatsalira kufakitale," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha. Zinangowonjezera moto.

Malume atapezako mpweya anakonza jekete n'kuweruza. "Mlandu wa mkazi wamwini kwathu kuno ndi mbuzi. Koma poti mwini mkazi mbuzi ali nazo kale zambiri pakhomapo, ungomupepesa."

"Malume..."

"Pepesa, tikumva!"

Ndinavula kapu. Ndinaima pamaso pa pepala, ku Doha, Lachisanu masana, n'kunena kuti, "Pepani bambo, sindinadziwe kuti mulipo."

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Mayi a Tadala anatenga foni m'manja mwa achimwene awo n'kuiyandikiza kunkhope. Ndinaona kuti nawonso imvi zayamba pamwamba pa khutu. Sindinkadziwa.

"Tazungulitsani ndione chipinda chonse," anatero.

Ndinazungulitsa pang'onopang'ono. Mtengo, mlatho, mbuzi, mayi, bambo. Mtengo, mlatho, mbuzi, mayi, bambo.

"Mumadyera m'menemu?"

"Eya."

"Nokha?"

"Ndi iwowa."

"Onsewa ali ndi amuna awo?"

"Onse. Kuphatikiza uyu tsopano."



"Mwayi wake," anatero. "Wake anali kuseri kwa kabati chabe. Ena tikati tisunthe, tisuntha chiyani?"

Sanandidikire. Anapitiriza:

"Mumati ndikamaona voice note yanu ya mphindi seveni ndimatani? Ndimamvera kawiri. Ndikati ndiyankhe, misozi imayamba kutsika. Ndiye ndimangotumiza chalacho."

Kenako anatembenuka. "Achimwene, lowetsani njingayo m'nyumba, ingachite dzimbiri." Atabwerera kwa ine nsonga ya chitenje inali kale pakamwa, mapewa akugwedezeka. "Koma nyimbo ija mudzandiimbira. Yonse. Ndi kumina komwe."

Kabati ndinaibwezera, koma osati pamalo pake penipeni. Ndinasiya mpata wokwana chipewa, mfuti ndi dzanja, kuti awiriwo azionekera pamodzi. Madam atabwera sanazindikire, anangoti chipindachi chikuoneka chachikulu.

Esinati tikakumana pageti sanenanso kuti muli bwa. Amangoyamba kung'ung'udza nyimbo ija n'kudutsa. Ku Mitundu dzina la Pulofesa linafa, akuti tsopano ndine a Chimwene a Mfuti. Mayi a Tadala amaimba Lachisanu lililonse osaphonya, ndipo mawu oyamba sasintha: "Ali bwanji mkazi mnzanga? Nanga bambo akunyumba?"

Chakudya ndinabwerera kukadyera kukhitchini, kwa firiji. M'chipinda muja ndimalowabe tsiku lililonse kukayatsa AC, ndi ntchito. Koma ndisanatsegule chitseko ndimadzipeza ndaima, kapu m'manja, ndagogoda kale.

"Odi, eni nyumba!"

Ukaona mkazi watambasula dzanja ali yekha, usathamangire kuimba nyimbo, yamba wasuntha kabati.